Mwala wa amayi paulendo wa Pa Chumuni

Ababa anga akhala mu Lilongwe zaka zambirimbiri, koma mzindawu sunawagometsepo. Mukawaonetsa nyumba yosanja, amangopukusa mutu n'kunena kuti chumuni cha fakitale yawo chinali chachitali kuposa pamenepo. Magetsi akazima, amati Pa Chumuni magetsi sankazima. Ine ndinakula ndikudziwa kuti ku Chiradzulu, ukapatuka pa Namadzi, kuli tauni imene Mulungu anaimanga asakufulumira, ndipo ababa anali kapitao kumeneko, pafakitale yopota zingwe ndi kusoka masaka a khonje.

Ndinabadwira komweko, koma tinachokako fakitale itatsekedwa, ine ndisanadziwe kanthu. Amayi anga, a Esinati, anatsala. Anamwalira ine ndikuyamwa, ndipo poti kwawo kutsidya kwa malire kunali nkhondo, anawaika m'manda a kampani, moikamo anthu ochokera kutali. Chichokereni ababa sanapondekonso. Chaka chilichonse ankati tikamanga chiliza chaka chamawa. Za makina, za sailini, za bwalo la mpira la kampani, ankatha kufotokoza mpaka tiyi kuzizira. Za amayi ankangoti anali munthu wabwino, basi.

Chaka chatha ndinatopa nazo. Ndinatseka kashopu kanga kosokera zovala, n'kupita kwa osema miyala kukagula mwala wakuda wa pamanda. Ababa anaumirira kuti dzina lilembedwe iwo ataima pomwepo, chifukwa amisiri a masiku ano, popanda kapitao, amalemba zokhota.

"Koma mandawo mukawazindikira, ababa?" ndinawafunsa.

"Rozina, ukufunsa ine?" anatero. "Nthawi yoweruka, sailini ikamalira, mthunzi wa chumuni unkathera pamanda a mayi ako penipeni. Komanso ndinaikapo mbale yanga ya kampani, yoyera ya mkombero wabuluu. Ndinaibowola ndekha ndi msomali kuti wina asaitenge kukadyera. Mbale imeneyo ankapatsa akapitao okhaokha."

Tinafika kudepoti m'mamawa, mwala titaukulunga m'bulangete ndi makatoni. Ababa anali atavala suti ya ku tchalitchi ndi tayi, nsapato zikuwala, ambulera kudzanja ngakhale inali nyengo ya fumbi. Ankati kumene tikupitako anthu amawadziwa, sangafikeko ngati wogulitsa makala. Kondakitala anafuna kulowetsa mwala kunsi kwa basi, kumene kunali matumba a kachewere. Ababa anakana kwamtuwagalu.

"Akazi anga sangakwere pamodzi ndi mbatata."

"Ndiye alipira mpando, madala," anatero kondakitala.

Choncho mwala unakhala kuwindo, ababa pakati, ine kumapeto, mwendo umodzi uli m'kanjira kuti aliyense wodutsa aupondeko. Basi inali ikulira injini ngati inyamuka pompo, koma inali nkhambakamwa. Tinakhala pamenepo mpaka mlaliki wina anamaliza ulaliki wake, kutsika, kukweranso wina, n'kutilalikira zomwezo. Ogulitsa mankhwala a mano, a nsikidzi ndi a nyongolotsi, onse m'botolo limodzi, anadutsa nawonso. Tinanyamuka dzuwa litayamba kuotcha.

Kumbuyo kwathu kunali mayi wina wogulitsa kaunjika, wonenepa bwino, wokonda kucheza. Anatsamira mwala wathu, n'kuikapo kajumbo ka tchipisi.

"TV yabwinotu iyi, bambo. Mwagula mwakamodzi kapena yapangongole?"

"Si TV, mayi. Ndi mwala wa pamanda a akazi anga."

Mayi uja anachotsa tchipisi chake pang'onopang'ono, n'kupukuta katoni ndi nsonga ya chitenje. Titaima pa Dedza anasamukira kutsogolo. Pofika ku Ntcheu basi yonse inali itadziwa, ndipo aliyense wopita kukhomo ankadutsa pampando wathu chammbali ngati pali galu wolusa. Ababa anapezerapo mwayi. Anauza bambo wina wa mbali inayo kuti Pa Chumuni panali chipatala, sitolo ya kampani, magetsi a mumsewu ndi zikwangwani pangodya iliyonse. Bamboyo anagona, koma ababa anapitiriza.

Titangodutsa pa Chingeni tayala linaphulika. Tinatsika tonse n'kubisala pamthunzi wa basi yomweyo. Sipanatenge nthawi, manong'onong'o anayamba akuti basi yonyamula za kumanda siyenda bwino. Palibe amene ananena za tayalalo, limene linali losalala ngati chipumi. Jeke yokwezera basi ataiika, inayamba kumira mumchenga. Dalaivala anayang'ana uku ndi uku.

"Pakufunika mwala wafulati," anatero.

Anthu onse anatembenukira kuwindo lathu. Kondakitala anayamba kukanda m'mutu, akubwera kwa ababa ndi kumwetulira kwa munthu wofuna kubwereka njinga. Sanamalize n'komwe mawu ake. Ababa anakwera m'basi, kukhala pampando, kukumbatira mwala, ambulera ali chire. Basi yonse inachita kukwezedwa iwo ali momwemo, jeke itakhala pathabwa limene anakabwereka m'mudzi wapafupi.

Pa Zalewa wapolisi anakwera kudzaona katundu, n'kunena kuti timasule. Atawerenga dzina la amayi anavula chipewa.

"Pepani kwambiri, bambo. Anatisiya liti?"

Ababa anayamba kukonza tayi yawo. Ndinayankha ndine.

"Ine ndili khanda."

Wapolisi uja anandiyang'ana, mayi wa imvi zoyamba m'mutu, wa ana akusekondale. Kenako anayang'ana ababa. Anavala chipewa chake n'kutsika, ndipo kuchokera pamenepo mpaka ku Lunzu sitinamve za Pa Chumuni.

Tinagona kwa msuweni wanga ku Bangwe. Kutacha tinapita ku Limbe kukakwera minibasi ya ku Zomba. Kumeneko mpando wa anthu atatu umakhala anthu anayi, ndipo mwala unawerengedwa munthu mmodzi wowonda. Pa Njuli, pamene phiri lonse akuliphwanya kukhala miyala, kondakitala wa minibasiyo anafunsa kumene tachokera ndi katundu wathu.

"Ku Lilongwe? Mwanyamula mwala ku Lilongwe kubwera nawo kuno? Madala, taonani panjapo. Kuno miyala timachita kupunthwa nayo."

Minibasi yonse inaseka. Ababa anati iyo ndi miyala ya anthu wamba. Pa Mbulumbuzi tinaima kudikira munthu amene kondakitala anamuona akubwera kutali, ndipo atafika anapezeka kuti akungowoloka msewu. Amayi ogulitsa tomato ndi nthochi anatizinga, mabeseni m'mawindo, mpaka ndinagula nthochi zimene sindinkazifuna.

Titatsika pa Namadzi ndinafuna kugula simenti. Ababa anati ndisavutike, tikagula kusitolo ya kampani, kuli zonse. Ndinawavomera, koma ndinagulabe thumba limodzi. Akabaza a njinga zamoto anatithamangira.

"Pa Chumuni? Tiyeni, tikudziwapo."

"Wamva?" ababa anandigunyuza. "Palibe amene sadziwa." Kenako anafunsa wakabaza wawo, mwamuna wa jekete yachikopa yong'ambika m'mapewa: "Msewu waphula uja ukadali bwino?"

"Phula lilipo, madala, koma ndi lofunafuna."

Tinanyamuka njinga zitatu: kutsogolo mwala utamangidwa ndi malamba a chubu, pakati ababa, kumbuyo ine ndi simenti. Phula tinalipezadi, kachigamba apa, kachigamba apo, ndipo akabaza ankalizemba chifukwa m'mbali mwake ndimo munali maenje oopsa. Dziko lake ndi la minda ing'onoing'ono yopanikizana, nandolo ndi chinangwa mpaka pakhomo la chimbudzi. Kulikonse kumene khasu lingalowe, linalowa. Mitengo yotsala ndi ya mango yokha, nayonso yosadzulidwa. Ababa ankaloza ndi ambulera uku ndi uku, akufuula m'fumbi kuti konseku kunali khonje wa kampani. Ine khonje ndinamuona pamalo amodzi, atabzalidwa kutchingira mbuzi.

Njinga zinaima pamalo pena pamene panali kagolosale, kanyumba kotchajira mafoni ndi chiwaya cha nkhumba.

"Tafika."

"Iyayi, pitirira. Tikupita Pa Chumuni."

"Ndi pano, madala."

Ababa anatsika. Anakweza mutu kuyang'ana kumwamba, kuzungulira, kuyang'ananso. Kumwambako kunali khwangwala mmodzi.

Chumuni chinalipo ndithu, koma chinali chitagawanika. Njerwa zake, zofiira mbali ina, zakuda ndi mwaye mbali inayo, zinali m'makoma a nyumba za pamenepo, m'khitchini, m'khola la nkhumba, ngakhale pamasitepe a tchalitchi. Malata a fakitale anafolera theka la mudzi. Pageti panatsala chipilala chimodzi, ndipo anamangirirapo mbuzi. Pamene ababa anati panali ofesi ya bwana wamkulu panali nandolo wobereka bwino kwambiri. Sailini, anatero wakabaza, inapita ndi ogula zitsulo zakutha iye asanakwatire. Kunena zoona, sindinaonepo fakitale imene inatumikira anthu ake mokwanira ngati imeneyi itafa.

Ababa anakonza jekete n'kupita pawindo la golosale.

"Ndine kapitao Muhiwa, wa kopota zingwe."

Mayi wa m'golosale anawayang'ana kuyambira tayi mpaka nsapato.

"Mukugula nandolo? Sikelo mwabwera nayo yanu?"

Kwa amfumu tinapeza atapita kumaliro kumudzi wina. Akazi awo anatilandira, kutipatsa mpando ndi madzi, n'kutiuza kuti manda a kampani sanali a mudzi. Anati tikaonane ndi mayi Namakhwa, chifukwa ndiwo amalima chakumeneko. 

Mayi Namakhwa tinawapeza akupuntha nandolo pamkeka. Anali amsinkhu wa ababa, aafupi, olankhula Chinyanja chokoka cha kumeneko. Ndinagwada kuwalonjera n'kufotokoza chimene tadzera. Anaika ndodo pansi.

"Mwachedwatu, mwananga. Tiyeni mukaone."

Anatitengera kuseri kwa nyumba. Kunali munda, mizere yowongoka bwino, nandolo wofika m'mapewa. Panalibe mtumbira ngakhale umodzi.

"Manda ali kuti?" anafunsa ababa.

"Mwaima pomwepo, bambo."

"Mukulima pa anthu?"

"Ife manda athu ali uko, kunkhalango, timasesa chaka ndi chaka," anatero mayi Namakhwa osakweza mawu. "Awa eni ake anakwera malole n'kupita. Tinadikira, palibe anabwera ngakhale ndi tsache. Mitumbira inafafanizika yokha ndi mvula. Kuno malo kulibe, zidzukulu zikufuna kudya. Tinaitana abambo a ku mishoni, anapemphera, tinalima. Mukanakhala inu mukanatani?"

Ababa anati palibe vuto, iwo ali ndi chizindikiro: mbale yoyera ya mkombero wabuluu, yobowola pakati, ya akapitao okhaokha.

"Ooh, mbale," anatero mayi aja. "Bwerani."

Kumapeto kwa munda kunali mtengo wa mango. Patsinde pake panali mulu wa mbale, zoyera, za mkombero wabuluu, zadzimbiri, iliyonse yobowola pakati.

"Khasu likagunda mbale ndimaitola n'kuika apa. Sinditaya, ndi za anthu. Koma zoti za akapitao, iyayi. Ankapatsa aliyense pa Khirisimasi. Amuna anga ankatchetcha udzu, analandira. Yathuyo ndimadyetsera bakha."

Ababa ananyamula mbale imodzi, kuitembenuza, kuiika. Ananyamula ina. Zonse zinali chimodzimodzi, ndipo misomali ya anthu onse imabowola mofanana.

"Dzina lawo anali ndani?" mayi Namakhwa anandifunsa ine.

"A Esinati."

"Esinati wa thobwa? Wa mpata m'mano?" Anaomba m'manja. "Ndiwe mwana wa Esinati? Ankakhala panja pa geti ndi chidebe, iwe uli kumbuyo. M'kati sankaloledwa. Alonda akamuthamangitsa ankathawa akuseka, thobwa likutayika, akapitao ena akuyang'ana kumbali ngati samudziwa." Apa anawaponyera diso ababa. "Maliro ake ndinalipo. Koma pamene anagona, mwananga, ndinganame. Ndi m'munda momwemu, basi."

Aka kanali koyamba kumva kuti amayi anga anali ndi mpata m'mano. Ndinachita kukamva kwa mlendo, pakati pa nandolo, ndili ndi imvi. Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinkadziwa kutalika kwa chumuni, ndinkadziwa kulira kwa sailini, koma nkhope ya amayi anga palibe anandiuzapo.

Ababa anali asanagonje. Anafunsa pamene panali chumuni, ndipo anawalozera bwalo lozungulira la konkire, pamene amayi ena anayanikapo makaka a chinangwa. Anakhala pambali pake, maso pawotchi, kudikira nthawi yoweruka. Anthu anayamba kusonkhana, poti munthu wa suti wolondera makaka saoneka kawirikawiri. Nthawi itakwana anapempha kuti awasunthire chinangwa. Anakwera pakonkire, kuima pakati, n'kukweza ambulera m'mwamba mmene dzanja lawo likanathera.

"Rozina, tsatira mthunzi!"

Ndinautsatira. Unadutsa pa makaka, kutsika pakonkire, n'kukathera pakhoma la chimbudzi chapafupi, chomangidwa ndi njerwa za chumuni chomwecho. Munda uja unali kutali, kutsidya kwa nyumba zingapo.

Wina anaseka, ena n'kutsatira. Ababa ananyanyamphira, nsapato zowala zija zili mbuu ndi fumbi, ngati mthunzi ungatalike chifukwa choulamula. Ine mkwiyo wanga unathera pamenepo. Ndinawamvera chisoni, chisoni chenicheni, ndipo ndinachita manyazi kuti anthu akuseka ababa anga. Ndinapita kukawagwira dzanja kuti atsike. Kuseka kuja kunazilala kokha.

"Rozi," anatero motsitsa, "sindikudziwa pamene ali mayi ako."

Pamoyo wanga wonse ndinali ndisanawamvepo akunena kuti sakudziwa kanthu.

Tinagona kwa mayi Namakhwa. M'mawa ndinawafunsa ngati tingaimike mwala patsinde pa mango paja, pambali pa mbale.

"Pamenepo sindilima," anatero. "Ikani. Akhale ndi anzake."

Anatiitanira mmisiri wa m'mudzimo. Atanena kuti pakufunika njerwa zokhazikapo mwala, mayi Namakhwa analoza khitchini yawo yakale imene inagwa ndi mvula. Njerwa zake zinali zomwe zija, zofiira mbali ina, zakuda mbali inayo. Ndinayembekeza kuti ababa ayamba ukapitao wawo, kuuza mmisiri kuti chingwe chakhota. Sanatero. Anavula jekete ndi tayi, kuzipachika panthambi, n'kuyamba kututa njerwa ziwiriziwiri kuchokera kukhitchini mpaka kumunda. Mmisiri akawauza kuti thirani madzi, ankathira. Akati basi, ankaleka.

Mwala utaima, ine ndi mayi Namakhwa tinatsuka mbale zija n'kuzindandalika mozungulira, chifukwa imodzi mwa izo ndi ya amayi ndipo sitidzaidziwa. Kunabwera amayi angapo a m'mudzimo, tinaimba nyimbo imodzi, mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule. Ndinaima pamenepo kuwerenga zilembo zimene ababa anaziyang'anira ku Lilongwe. Zinali zowongokadi. M'tauni yonse ija ya zikwangwani pangodya iliyonse, dzina la kampani silikupezeka pena paliponse, la bwana wamkulu ayi, la kapitao ayi. Dzina lokhalo la nthawi ya fakitale limene munthu angaliwerenge lero Pa Chumuni ndi la mayi wa thobwa amene sankaloledwa kulowa pageti.

Ulendo wobwerera unali wopepuka. Palibe amene anatithawa m'basi, ndipo ababa anagona kuyambira ku Lunzu mpaka ku Dedza, mutu uli paphewa langa.

Patapita masiku angapo, tikudya kunyumba, magetsi anazima monga mwa nthawi zonse. Ana anga anayang'anizana, kudikira mawu amene anawaloweza kalekale. Ine ndinaimirira kukafuna kandulo, koma ababa sanatchule za Pa Chumuni.

"Rozi," anatero, "mayi ako ankaseka ngati iweyo. Khala pansi ndikuuze mmene ndinakumanirana naye."

Ndinasiya kufunafuna kandulo n'kukhala pansi.